Mayi Taipi Ayesa Mkamwini

Kashopu ka Mayi Taipi kanali pansi pa masitepe, m'nyumba ya masitolo ya nsanjika ziwiri, pakati pa bambo wodula makiyi ndi mtsikana wogulitsa machaja. Munthu wamtali akalowamo osawerama ankatuluka akusisita pamphumi. Munali makina a fotokope amene ikamakwana teni koloko ankakhala atatentha kale ngati simbi, kompyuta imodzi, pulinta, ndi mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale. Pachitseko panali chikwangwani chonena kuti pano timataipa, timapulinta, timalemba makalata. Panalinso ntchito yachinayi imene sinalembedwe pachikwangwanipo, ndipo ngakhale mwana wawo weniweni sankaidziwa.

Dzina lakuti Taipi analitenga ku ofesi ya maloya kumene anagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Analowako ali mtsikana, nthawi ya makina a taipi aja ofuna mphamvu m'zala, ndipo anatulukako imvi zitayamba, mabwana atazindikira kuti kalata akhoza kudzilembera okha pa kompyuta. Anali munthu wa ntchito yosalala. Bwana akalankhula zosokonekera, kalata inkatuluka yomveka, mpaka bwanayo n'kumadzitama kuti amadziwa kulemba. Manambala a foni sankawalemba m'buku, ankangowasunga m'mutu. Koma chimene anzawo ankawaseka nacho n'chakuti pepala lolakwika chilembo chimodzi sankalola kuti lituluke pakhomo. Kaya loya akuthamangira kukhoti, kaya galimoto ikulira panja, iwo ankaling'amba n'kuyambiranso. Ntchito yongoyerekeza inkawayabwa m'thupi mpaka ataibwereza.

Amuna awo anali owerenga mamita a madzi, munthu wofatsa, woyenda khomo ndi khomo ndi kabuku m'thumba, wofika pakhomo faifi koloko tsiku lililonse. Sanawamenyepo, sanawatukwanepo, sanagonepo kunja. Tsiku la maliro awo kunabwera mayi wina ndi ana atatu, wamkulu wa iwo msinkhu umodzi ndi mwana wa Mayi Taipi, onse atatu makutu a malemu enieni. Zinaoneka kuti mita ina inkawerengedwa katatu pa sabata. Mayi ujayo sanawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka n'chakuti pamaliropo panalibe amene anadabwa. Alamu awo ankadziwa, apongozi awo ankadziwa, ngakhale mayi woyandikana nawo nyumba, wobwereka shuga uja, ankadziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anakhala akuchapira ndi kusitira munthu, anthu akuwamvera chisoni kumbali. Mkwiyo umenewo sunawathere. Unangokhala pansi n'kuphunzira ulemu.

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anamulera okha ndi zala zomwezo mpaka anakhala namwino. Zovala sankamuguliranso zambiri, koma malangizo okhudza amuna ankamupatsa m'mawa ndi madzulo, mwanayo afune asafune.

Ntchito yachinayi ija inawapeza pa pulinta. Zaka zimenezo amayi ambiri ankabwera ndi mafoni kudzapulintitsa zithunzi za mauthenga a amuna awo, ena kuti akaonetse kukhoti, ena kwa akuluakulu a kubanja, ena kuti angokamuponyera mwini wake kumaso. Mayi Taipi ankati sawerenga za makasitomala, koma pepala likamatuluka munthu sungatsinzine. Tsiku lina mayi wina wa ku saluni anabwera ndi mapepala khumi ndi awiri oti akaonetse mchemwali wake, ndipo anawafotokozera kumene anachokera.

"Pali tsamba pa intaneti, amayi. Mumalipira, n'kupereka nambala ya bamboyo, chithunzi chake ndi zimene amakonda. Ndiye iwo amatuma munthu kuti azimulembera ngati mkazi amene wamusirira. Masiku atatu basi. Akavomera zokumana, amakulemberani ndi zilembo zofiira kuti wagwa. Akakana mpaka pamapeto, zilembo zimakhala zobiriwira. Ndipo zonse zimene akambirana amakutumizirani."

"Wanuyu wagwa?"

"Sanagwe. Koma ine mtima sukukhazikika."

Mayi Taipi anavala magalasi, nawerenga bwinobwino, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Akanagwa bwanji? Amene walemba izi sanafunsiridwepo chibadwire. Munthu sunamuonepo, uthenga woyamba ndi 'ndimakukondani'? Ngakhale chitsiru chikhoza kuona kuti apa pali msampha."

Pansi pa tsambalo panali timawu ting'onoting'ono tonena kuti akufuna olemba. Masana omwewo, makasitomala atachepa, analembetsa.

Ndiye tangoganizani mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, magalasi ali pachingwe, mapazi otupa atawasanjika pa katoni ya mapepala, dzanja lina likujambula ziphaso za sukulu za ana a eni, lina likulemba kuti, "Pepani achimwene, nambala yanu andipatsa ndi anzanga." A tsambalo ankapereka dzina ndi chithunzi cha mtsikana, mawu ankapereka ndi iwo. Sankafulumira. Tsiku loyamba ankafunsa bamboyo za ntchito yake, popeza palibe mwamuna amene amakana kufotokoza zimene amadziwa. Lachiwiri ankamuyamikira. Lachitatu ankafufuza pamene pamamupweteka, kaya ndi bwana womunyoza, kaya ndi mkazi wosamufunsa kuti waswera bwanji, n'kumvetsera. Olemba achitsikana ankadalira zithunzi. Iwo ankadziwa kuti munthu amaterereka msanga akapeza womumvetsera. Akafewa, ankaponya funso lomaliza, lofanana nthawi zonse: "Bwanji tikumane, tikambirane bwino?" Mwa amuna khumi, asanu ndi anayi ankati chabwino, ndipo ambiri ankatero pa nthawi ya nkhomaliro, m'kamwa muli chakudya chimene mkazi anawalongedzera.

Wodula makiyi ankasuzumira n'kuwapeza akumwetulira foni.

"Amayi, koma mwapeza wina eti? Tiitanidwa liti?"

"Dulani makiyi, bambo. Ine amuna ndinakhuta."

Chikumbumtima sichinkawavuta. Ankati akuchitira amayi anzawo chimene iwo panalibe wowachitira. Zimene zinkachitika m'nyumbazo zilembo zofiira zikatuluka sankaziona, ndipo sankafunsa. Kamodzi kokha kunabwera bambo wina wamaso ofiira, wovala malaya osasita, kudzalembetsa kalata yopepesa mkazi wake. Atatchula nambala yoti iikidwe pansi pa kalatayo, iwo anaizindikira. Anali woyendetsa ambulansi amene iwo anamugwetsa pa mayeso aja sabata ziwiri zapitazo. Anamulembera kalata yogwira mtima, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi, namuikira mu envulopu yaulere.

Namwino uja anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafiriji. Mkamwini ameneyu Mayi Taipi anamuyang'ana zaka zisanu ndi ziwiri kufuna pomugwira, osapapeza. Akabwera kushopu ankavula chipewa akadali panja, kuwerama, kupereka moni maso ali pansi. Fotokope ikafa ankabwera ndi bokosi lake la zida ngakhale kuti si ntchito yake, n'kukana ndi tiyi yemwe. Analibe mlandu, ndipo chimenecho ndicho chinkawasowetsa mtendere, pakuti malemu nawonso analibe mlandu.

Awiriwa anadikira mwana zaka zisanu ndi chimodzi. Pathupi patabwera, mkamwini anawotcherera kabedi kachitsulo, nakapaka penti yoyera. Mwezi wachisanu ndi chitatu anaitanidwa kutali kukakonza chipinda chozizira cha butchala ina, kumalo kumene foni sigwira. Ali komweko, kunyumba zinavuta. Anabwerako patapita masiku awiri n'kupeza mkazi wake atagonekedwa m'chipatala chomwe amagwiramo ntchito. Mwana anabadwa wopanda mpweya, ndipo anali atamuika kale. Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munalowa chete.

Loweruka lililonse namwino ankabwera kushopu, kukhala pa katoni ya mapepala, n'kukhuthula za kumtima.

"Salankhula, Amayi. Akabwera amakhala panja pasitepe, maso pafoni, ine ndikatulukira amaibisa. Kabedi kaja anakanyamula osandiuza. Ndikangotchula za mwana amadzuka kukayang'ana firiji imene sinawonongeke. Akuganiza kuti ndimawaimba mlandu chifukwa kunalibe. Mwina ndimawaimbadi, sindikudziwa. Koma sindinanenepo."

"Ukuti salankhula," ankatero Mayi Taipi, maso ali pa kompyuta. "Amalankhula, mwanawe. Kungoti si iwe amene akulankhula naye."

Mawu amenewa sanawanene kamodzi kapena kawiri. Ankaona ngati akumutsegula maso mwana.

Lolemba lina m'mawa, akupulinta makalata ofunsira ntchito a kasitomala, foni ina imene ankagwirira ntchito yachinayi ija inalira kuti kwabwera munthu watsopano woti ayesedwe. Chithunzi chisanatseguke, nambala inawauza kale. Anaiwerenga kawiri, chala chili pagalasi. Kenako chithunzi chinatseguka: mkamwini ali mu ovololo yake ya buluu, akumwetulira mwamanyazi, chithunzi chimene Mayi Taipi anachijambula okha. Pansi pake, pamene kasitomala amalemba zimene akudziwa, panali mizere itatu. "Amakonza mafiriji. Sakonda zolankhula. Ndatopa ndi kuganiza, ndikungofuna kudziwa."

Amene anatuma ntchitoyi sakanakhala wina koma mwana wawo. Malamulo a tsambalo ankalola wolemba kubweza ntchito ola lisanathe, ndipo ikabwezedwa inkapita kwa wina. Anaganiza za atsikana a zithunzi aja akulembera zonyansa mwamuna wa mwana wawo. Anaganiza zomuimbira mwanayo kuti asiye zimenezi, koma akanati adziwa bwanji? Ndiye anapeza njira imene inaoneka yanzeru. Aitenga okha ntchitoyi, aigwira mwaulesi, mkamwini apambana, mwana apeza mtendere, nkhani ithera pomwepo. Anadina povomera, kenako n'kuona kuti makalata a kasitomala awapulinta kawiri papepala limodzi.

Tsiku loyamba analemba za firiji yosazizira. Mkamwini anayankha monga amalankhulira: muone labala wa chitseko, muizimitse maola awiri, musaigunditse kukhoma. Iwo anaponyako kamawu kakuti, "Koma ndinu okoma mtima inu." Yankho linali lakuti, "Zikomo. Ikapitiriza mundiuze, nditumiza mnzanga." Tsiku lachiwiri anatumiza chithunzi cha mtsikana chija, manyazi akuwaotcha kumaso ngati mkamwini akuwaona, n'kulemba kuti bambo wa manja aluso chonchi mkazi wake ali ndi mwayi. Mkamwini anayankha patapita mphindi zisanu. "Chemwali, ndine wapabanja. Za firiji funsani, zinazo ayi."

Anasangalala, kunena zoona. Anagulira wodula makiyi botolo la chakumwa popanda chifukwa. Koma chisangalalocho sichinafike madzulo. Akutseka shopu, kamawu kena kanayamba kuwanong'oneza kuti malemu nawonso akanayankha chomwecho, ulemu wake womwewo, mwina ndi "chemwali" yemweyo. Ankadziwa bwino kuti munthuyu sanamuyese. Anangomusisita. Mauthenga awiri aja anali pepala lolakwika, lotuluka pakhomo iwo akuona. Nanga mwana wawo akalandira zilembo zobiriwira zabodza, n'kukhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akusitira munthu, amene wamunamiza adzakhala ndani? Panalinso kena kamene sakanakavomera pamaso pa munthu. Amuna oposa mazana awiri anadutsa m'zala zawo, ndipo zinkawawawa kuti uyu wadutsa osaterereka n'komwe.

Tsiku lachitatu, cha m'ma leveni koloko, anakhala pansi kuti aigwire ntchito monga amaigwirira. Kufufuza pamene pamapweteka sikunafunike, anali atauzidwa kale. Analemba, anafufuta, analembanso mpaka zinasalala.

"Pepani chifukwa cha dzulo, achimwene, ndinalakwitsa. Mutu wanga suli bwino masiku ano. Chaka chatha ndinapita padera, mimba itakula kale. Bambo ake a mwana kunalibe, anali kuntchito kutali. Anthu amaganiza kuti ndimamuda, koma ine ndimangomumvera chisoni. Palibe amene anamufunsapo kuti iye akumva bwanji. Pepani, sindikudziwa chifukwa chake ndikuuza inu."

Anatumiza. Panadutsa mphindi khumi, makumi awiri, makumi anayi. Anathandiza makasitomala atatu, nayamba kuganiza kuti zatha bwino. Kenako foni inayamba kunjenjemera patebulo, osaleka.

Mkamwini amene sanawalankhulepo mawu opitirira khumi pa nthawi imodzi analemba mauthenga khumi ndi anayi, zilembo zikudumphana. Anati tsiku lija atafika pamene foni imagwira, anapeza uthenga woti mkazi wake anamuimbira kakhumi ndi kamodzi. Anati uthengawo sanaufufute, ndi umene amauyang'ana akakhala pasitepe, ndipo amaubisa chifukwa cha manyazi. Anati kabedi kali kushopu kwake, kuseri kwa mafiriji akufa, ndipo m'mawa uliwonse amakapukuta fumbi. Anati iye amamukonda mkazi wake, koma akamuyang'ana m'maso amaona funso lakuti unali kuti, ndipo yankho lake, lakuti ankaziziritsa nyama ya eni, limamutseka pakhosi. "Mwana wanga sindinamuone ngakhale nkhope," unatero uthenga womaliza. "Zimenezi sindinauzepo munthu."

Mayi Taipi anavula magalasi chifukwa anali atanyowa. Tsopano ankadziwa. Panalibe mkazi wina, panalibe nyumba ina, panali munthu wolira maliro yekhayekha. Poimira panali pamenepo. Akanangosiya foni patebulo, nthawi n'kutha yokha, zilembo n'kutuluka zobiriwira. Koma munthu akafewa chonchi, zala zawo zinkadziwa chotsatira. Ndipo mtima unkafuna kuti akane kachitatu, kuti pasatsale kachikaiko ngakhale kamodzi. Pambuyo pake ankadziuza kuti zala zinawatsogolera. Si zoona. Anaganiza kaye, kenako analemba.

"Bwanji tikumane, tikambirane bwino?"

Anakhala akuyang'ana galasi, akupemphera chamumtima kuti munthu akane msampha umene atchera okha. Panja wodula makiyi anali kupala kiyi, mtsikana wa machaja akukangana ndi kasitomala. Yankho linachedwa, koma linabwera.

"Chabwino. Koma masana, pamalo poonekera. Ola limodzi lokha."

Galasi linafiira. Analemba msangamsanga kuti ayi, musabwere, ndimangocheza, koma tsambalo linali litatseka kale machezawo n'kutumiza zonse kwa kasitomala. Wolemba sankaloledwa kufufuta ngakhale kadontho.

Atafika kunyumba madzulo anapeza mwana wawo atakhala pakhonde, akadali mu yunifolomu, chikwama chachikulu chili pambali.

"Munkanena zoona, Amayi," anatero, akuwapatsa foni. "Anzanga a kuntchito anandionetsa tsamba lina loyesera amuna. Werengani."

Anawerenga mawu awo omwe, magalasi ali pamphuno, ngati akuwaona koyamba. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, palibe imene inawavuta ngati imeneyo.

"Zokumanazo mwina ndikanazimeza," anatero namwino. "Koma taonani apa. Chaka chathunthu ndikuwapempha mawu amodzi okha onena za mwana wathu. Ndagwada, ndalira, ndakalipa. Lero akukhuthulira munthu wa pafoni, wosamudziwa, masiku atatu okha. Ine ndine chiyani m'nyumba muja, mpando?"

"Koma akuti amakukonda. Si apa alemba?"

"Alembera ndani?"

Mayi Taipi anamubwezera foni yake. Ananyamula chikwama, nakamuyalira mwana m'chipinda chake chakale. Ndipo tinene chilungamo, masiku otsatirawo panali kukoma kwina kochititsa manyazi. Makapu a tiyi anakhala awiri, m'bafa munali sopo wa munthu wina, m'nyumba munamvekanso mapazi. Mwana wawo ankawatsamira paphewa n'kumati, "Pakanapanda inu ndikanalowera kuti?" Iwo ankamusisita kumutu ndi dzanja lomwe lija. Ntchito zatsopano zikabwera pafoni ankazibweza osatsegula.

Lolemba lotsatira mkamwini anatulukira kushopu. Masaya anali atalowa, ndevu zosameta, chipewa akuchipinda m'manja. Anadikira makasitomala onse athe, kenako anagwada pasimenti, pakati pa fotokope ndi katoni.

"Dzukani, bambo, anthu akudutsa."

"Ndilankhule kaye, Amayi. Akuti anali mayeso. Ndalephera, sindikukana, ndinavomeradi. Thupi la munthu sindinkalifuna, Mulungu akudziwa, koma ndinavomera. Munthu uja anandilankhula ngati akundidziwa kalekale. Anakhudza penipeni. Ndinangomva pakhosi pakumasuka, ndiye ndinafuna ndimalize kulankhula. Foni yanga sakuyankha. Kuchipatala akundibweza pageti. Inu amakumverani, Amayi, ndipo mukundidziwa zaka zonsezi. Mundilankhulireko."

Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso, ndipo amene anagwetsa maso pansi anali iwo. Anangoti ayesa. Mkamwini anathokoza kawiri, nadzuka. Ali pakhomo anatchera khutu ku fotokope n'kunena kuti fani yake ikukhula penapake, abwera Loweruka adzaione.

Mayi Taipi anakhala pampando paja osagwira kanthu. Anaona bwinobwino kuti akakhala chete mwana akhala wawo, ndipo banja lija litha. Anaonanso kuti akalankhula palibe chimene akulonjezedwa. Anatseka shopu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo, mpaka wodula makiyi anafunsa ngati kwagwa zovuta.

Anapeza mwana wawo akusita yunifolomu pabalaza, wailesi ikulira chapansipansi. Anazimitsa wailesi. Anatulutsa foni ya ntchito m'chikwama, natsegula tsambalo mbali ya olemba, kumene kunali mndandanda wa amuna onse aja, n'kuiika pa bulangete lositirapo.

"Foni ya ndani iyi?"

"Yanga. Ona wotsiriza pansipo."

Namwino anaimika simbi. Anawerenga ali chiimire, chala chikukwera n'kutsika, kenako anabwerera poyambira. Nkhope yake sinasinthe, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa kulira.

"Munayamba liti?"

"Papita zaka zitatu."

"Munadziwa kuti ndi iwo?"

"Ndinadziwa nambala. Ndinaopa kuti ndikaibweza apatsa atsikana opanda khalidwe. Ndimafuna ndikuteteze, mwana wanga. Ndimafuna apambane."

"Lachiwiri anakana."

"Anakana."

"Ndiye Lachitatu munkafunanji?"



"Masiku onsewa," anapitiriza namwino pang'onopang'ono, "ndakhala ndikudzifunsa kuti mkazi ameneyu anadziwa bwanji pogwira. Ndimati mwina ndi luso. Kani wokuuzani ndinali ine, Loweruka lililonse, ndikulira pa katoni paja. Inu mukusunga. Mwana wanga wakufa munamuika pa mbedza, Amayi."

"Sindinasunge kuti ndidzachite nazo izi."

"Koma mwachita nazo."

Anazula pulagi ya simbi, napinda yunifolomu yositidwa theka, n'kulowa m'chipinda. Mayi Taipi anamva zipi ya chikwama, kenako chitseko cha bafa. Anaima pakati pa balaza manja ali lende mpaka mwanayo anatuluka.

"Amuna ako anabwera lero. Anagwada. Alibe mkazi wina, ndikulumbira. Bwerera kwanu, cholakwa n'changa."

"Kubwerera n'kosavuta pakamwa. Ine ndikawaona ndizikumbukira 'chabwino' uja. Iwonso akamva kuti mtima wawo anautsegulira apongozi awo, wotuma ndili ine, adzatiyang'ana bwanji tonse awiri? Sindikudziwa ngati pali kobwerera."

"Ndiye khala konkuno mpaka uganize bwino."

Namwino anakweza chikwama paphewa. Anawayang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ndi maso otopa chabe.

"Kuno ayi. Iwo anavomera kukumana ndi munthu amene sankamudziwa. Inu munkadziwa amene mukumulembera, munkadziwanso amene adzawerenge."

Anatuluka, natseka chitseko bwinobwino. Mayi Taipi anafuna kumuthamangira kuti angomufunsa kumene akupita. Anafika pogwira chogwirira cha chitseko, kenako anachisiya, atazindikira kuti za mwana ameneyu sadzauzidwanso kanthu.